Ulendo wapanjinga: yambani ndi pampu, tenti ibwere pambuyo

Akonzi,

Ndipatseniko kamalo m'nyuzipepala yanuyi ndilankhule ndi achinyamata amene ayamba kukonda maulendo ataliatali apanjinga yakapalasa, aja omangirira katundu yense panjinga, kugona pamene dzuwa lawalowera, n'kudzabwerera kunyumba patatha masiku anayi kapena sabata yathunthu. Maulendo oterewa ine ndayenda kwa zaka zoposa 20, mawondo angawa ndiwo mboni. Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wa mlongo wanga, amene Loweruka lapitali anabwera kwathu ndi njinga yake yatsopano kudzandionetsa katundu amene wakonzera ulendo wake woyamba wamasiku asanu.

Anayala zonse pansi pabalaza, nkhope ili mwee. Panali tenti yogona anthu atatu pomwe iye akupita yekha, kampando kopinda, mapoto awiri, sipika yoimbira nyimbo, mathalauza a jinzi atatu, pilo, tochi yaikulu ngati ya mlonda, ndi zikwama zakuda zomangirira pafelemu zimene ngakhale ine ndinazisirira. "Amalume, mwaona? Palibe chimene ndaiwala." Ndinamuuza kuti achotse tayala lakumbuyo, atulutse chubu, abwezeretse, apope, ine ndikuyang'ana wotchi. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa dzina la agogo a agogo ake. Anayesa ndithu. Patatha mphindi 40 tcheni chinali chitakolana ndi chosinthira magiya, manja ali bii ndi girisi, ndipo pobwezera tayala anatsina chubu ndi limu, moti atangopopa kangapo tinamva kuti fyuu, mpweya wonse kutha. Apatu tinali m'nyumba, pamthunzi, madzi akumwa ali pambali, kulibe mvula kapena udzudzu.

Sindinamuseke, pakuti ine ndinaphunzira mowawa kuposa pamenepo. Ulendo wanga wachiwiri ndinagula kapampu katsopano tsiku loti mawa ndinyamuka. Wogulitsa anandiuza kuti kamakwana valavu iliyonse, ine n'kukaponya m'chikwama osakayesa. Tsiku lachitatu, dzuwa litapendeka, ndili pamsewu wafumbi kutali ndi nyumba iliyonse, munga unalasa tayala lakutsogolo. Ndinamata chubu bwinobwino, mtima uli m'malo, n'kutulutsa kapampu kaja. Kukamwa kwake kunali kwa valavu yonenepa ija ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto, pamene njinga yanga inali ndi valavu yowonda ya Presta, ija yokhala ndi kanati kakang'ono pamwamba kamene umayamba wamasula usanapope. Ndinakulungapo kansanza, ndinapanikiza ndi chala, mpweya umangothawira m'mbali. Ndinakankha njinga yolemera makilomita 14, mdima utagwa kale, nsapato zikundidya zithende, ndikutukwana wogulitsa uja chamumtima njira yonse. Nditafika kunyumba ndi pamene mnzanga wina anandionetsa kuti mapampu ambiri aang'ono, ukamasula kachivundikiro kakukamwa n'kutembenuza kamphira ndi kapulasitiki ka m'kati mwake, amakwana valavu inayo. Kanga kanali kotero. Wogulitsa uja sananame. Ndinazunzika madzulo onse aja mankhwala ali m'thumba mwanga momwe.

Kuyambira pamenepo, polongedza ndimayamba ndi zimene zingaimitse njinga, ndipo sindinyamula chipangizo chimene manja anga sanachigwiritsepo ntchito panjinga yomweyo. Tenti ikadontha udzuka wonyowa koma upalasabe. Tayala likaphwa ulibe chopopera, ulendo wathera pomwepo.

Machubu ndimanyamula awiri, a saizi ya njinga yanga. Achinyamata ambiri sadziwa kuti saizi yeniyeni inalembedwa m'mbali mwa tayala, manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 40-622. Nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu. Limu ya 622 ndi ija ena amati 700c, enanso amati 29. Ya 584 ndiyo 27.5; ya 559 ndiyo 26 ya njinga zam'mapiri zakale zija; ya 635 ndi ya njinga zolemera zachikale zamabuleki a ndodo. Mayina a mainchesi amasokoneza, manambala awa sanama. Lembani anu pakapepala musanapite kukagula, ndipo muonenso kuti valavu ya chubu chatsopanocho ikulowa pabowo la limu yanu, chifukwa yonenepa ija silowa pabowo la yowonda.

Zigamba ndi guluu wake ndimanyamulanso, popeza minga ikakukonda imakubaya katatu tsiku limodzi. Guluu akhale wosatsegula. Wotsegula kale amauma m'kachubu kake mwakachetechete, udzangofinya n'kutuluka mpweya. Pomata, palani pamalopo ndi sandipepala, pakani guluu wochepa, ndipo dikirani aume mpaka asiye kunyezimira musanaike chigamba. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amafulumira kumata guluu adakali wamadzi, chigamba n'kumatuka atangopalasa pang'ono, iwo n'kumati zigamba za masiku ano n'zachabechabe. Musanabwezere chubu, yendetsani zala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala monse mpaka mupeze munga kapena kawaya kamene kanaboola. Mukakasiya, kabayanso chubu chatsopanocho musanafike patali. Mukapeza mabowo awiri oyandikana ngati mano a njoka, munga ulibe mlandu: mpweya unachepa, mwagunda mwala, limu n'kutsina chubu. Njinga yosenza katundu imafuna mpweya wochulukirapo kuposa yopanda kanthu, makamaka kumbuyo. Ndimasunganso kachidutswa ka tayala lakale, kotalika ngati chala, koika m'kati tayala likang'ambika m'mbali kuti chubu chisatuluke ngati chotupa. Amene matayala awo alibe machubu, aja othiramo mankhwala amadzi otseka mabowo, asanyade. Mwala ukang'amba tayala kwambiri mankhwala aja amangotayika, ndipo chowapulumutsa n'chubu chomwecho chimene ankachinyoza.

Tcheni sichiduka kawirikawiri, koma chikaduka chimasankha pachitunda, katundu ali pheee, iwe ukuponda pedulo ndi mphamvu zako zonse. Pamafunika kachipangizo kotulutsira mapini a tcheni ndi kamfundo kolumikizira kaja amati quick link. Timfundo timeneti timasiyana malinga ndi magiya akumbuyo. Tcheni cha magiya 11 n'chowonda kuposa cha magiya 9, ndipo kamfundo ka china sikagwira bwino pa chinzake. Werengani magiya anu. Palinso kachitsulo kena kamene ambiri sakadziwa mpaka tsiku limene kawalilitsa, kaja chosinthira magiya chakumbuyo chimapachikidwapo, amakatchula kuti hanger. Anakapanga dala ndi aluminiyamu wofewa kuti njinga ikagwa kapinde kapena kathyoke ikoko, felemu ipulumuke. Vuto lake n'lakuti kali ndi maonekedwe ambirimbiri, njinga iyi kake, iyo kake, ndipo okonza njinga amene mungawapeze m'njira n'kovuta kuti akhale ndi kofanana ndi kanu. Kamalemera ngati kiyi wapakhomo. Gulanitu kena mukaike pansi pa chikwama.

Zomasulira sizifunika bokosi lonse. Mabawuti ambiri a njinga zamakono amamasuka ndi Allen key wa mamilimita 4, 5 kapena 6, ndipo zimbale zamabuleki nthawi zambiri zimafuna kiyi wanyenyezi wa T25. Zungulirani njinga yanu ndi kachipangizo kanu kaja kophatikiza makiyi osiyanasiyana, bawuti ndi bawuti, muone ngati kakufika paliponse. Ngati matayala anu amamangidwa ndi manati, sipanala yake ikhalepo. Onjezani kabotolo ka oyilo wa tcheni, kansanza, timalamba tapulasitiki tomangira tija amati cable tie, tepi yolimba yokulungidwa papampu kuti isatenge malo, ndi mabawuti awiri atatu a kaliyala. Msewu wamabampu umamasula mabawuti tsiku lonse uli wosadziwa, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse, ndisanamange katundu, ndimawayendera onse ndi kiyi. Zimatenga mphindi ziwiri. Mphira kapena mapadi a mabuleki onyamula apadera ndi ofunika ngati njira yanu ili ndi mitsetse yaitali, chifukwa matope ndi mchenga wonyowa zimawadya ngati chiswe.

Zonse ndatchulazi zimakwana m'kathumba kosaposa nsapato imodzi. Mwana wa mlongo wanga uja, pa zonsezi anali ndi pampu ndi chubu chimodzi basi.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo ndiwo katundu wolemera kuposa onse. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, palibe kukambirana. Ine tsiku lotentha sindinyamuka ndi madzi osakwana malita atatu, ndipo ndimayamba ndadziwa pamapu pamene ndikatungenso ena. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera ngati galasi, ndimawasefa kapena kuwathira mapiritsi a kolorini n'kudikira mphindi 30, apo ayi ndimawawiritsa mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu. Kutsekula m'mimba uli kutchire ndi njinga si nkhani yoseketsa. Kunandigwira kamodzi ndipo miyendo inali ngati ya munthu wina. Timapaketi ta mchere ndi shuga tobwezeretsa madzi m'thupi sitilemera kanthu. Tikasowa, mu lita imodzi ya madzi abwino mumathira masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Za chakudya sindinena zambiri, aliyense amadziwa chimene mimba yake imalandira. Chokhacho, musamadikire njala. Idyani pang'onopang'ono mukupalasa, ndipo pansi pa chikwama pazikhala chakudya cha tsiku limodzi chimene simuchikhudza pokhapokha zinthu zitavuta. Poto mmodzi ndi supuni imodzi zakwana.

Kumene mwaika katundu kumasintha njinga kuposa mmene mungaganizire. Zolemera, monga madzi ndi zitsulo, zikhale pansi ndiponso pakati, m'kati mwa felemu. Zopepuka koma zotenga malo, monga chogonera, zipite kumahandulo kapena kuseri kwa chishalo. Mukaunjika zolemera m'chikwama chakuseri kwa chishalo, chimagwedezeka uku ndi uku ngati mchira wa ng'ombe mukangoimirira pamapedulo. Mukalemetsa kumahandulo, njinga imakana kukhota pamchenga. Kumsana musaberekeko kanthu ngati n'kotheka. Chikwama chimene m'mawa chimaoneka chopepuka, pofika masana chimakhala chitakukhomererani pachishalo. Ndipo lamba aliyense wolendewera mumupinde, chifukwa akalowa m'masipoko mukutsika phiri mudzafotokozera kuchipatala. Zikwama zodula zija n'zabwino, sindikana, koma ine zaka zanga zoyamba ndinayenda ndi matumba osalowa madzi omangidwa ndi malamba, ndipo ndinafika konse kumene ndinkapita.

Pa zogonera, anthu amaganiza za chofunda n'kuiwala pansi. Nthaka imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse, ndipo chofunda chimene wachigonera chimaphwatalala, sichitetezanso kanthu. Kamatiresi kopyapyala, kopopa kapena ka siponji yolimba, n'kamene kamagonetsa munthu. Ine ndimakonda ka siponji chifukwa sikaopa minga. Kumbukiraninso kuti mukamakwera mapiri kumazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse, kotero kuti amene masana anali thukuta kamukamu m'chigwa, usiku mano amagundana pamwamba. Chogonera chikhale m'thumba losalowa madzi nthawi zonse, makamaka ngati n'cha nthenga, chifukwa nthenga zikanyowa sizifunditsanso. Tenti ya munthu mmodzi yakwana. Nyengo yopanda mvula ine ndimangotenga kalona kopepuka, chingwe, ndi neti kumene kuli udzudzu.

Zovala ndi pamene achinyamata amalemetsa njinga pachabe. Malaya ena, kabudula wina, juzi ina yongoyembekezera, pang'onopang'ono ndi mtolo. Pamafunika zopalasira ndi zogonera, basi, ndipo zogonerazo zisanyowe zivute zitani. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimatenga tsiku kuti ziume, zimalemera, zimakhuza ntchafu. Jekete yamvula ikhale pamwamba pa chikwama pofikira msanga. Chipewa cholimba choteteza mutu sichikambirana, magolovesi amapulumutsa zikhatho tsiku logwa. Ndipo mundikhululukire, Akonzi, ndinene zimene ena amachita nazo manyazi: maulendo ambiri amene ndawaona akutha pakati sanathe chifukwa cha miyendo, anatha chifukwa cha matako. Chishalo chatsopano musachiyesere paulendo. Kabudula wopalasira uja wokhala ndi siponji amavalidwa popanda chamkati, chifukwa misoko ya chamkati ndiyo imayambitsa zilonda. Madzulo muzimuchapa, inunso musambe pamenepo ngakhale ndi madzi a m'kapu, mupake mafuta. Kachilonda kakang'ono tsiku loyamba, tsiku lachitatu mumapalasa choimirira.

Kathumba ka mankhwala kakhale ndi mabandeji, mapulasitala, mankhwala otsukira bala, opha ululu, ndi amene mumamwa masiku onse ngati alipo, ochulukirapo masiku awiri kuposa ulendo wanu.

Foni ndi mapu anu, komanso ndiyo njira yoitanira thandizo, ndiye musaithere batire poimba nyimbo. Koperanitu mapu a dera lonse mudakali pa intaneti yabwino. GPS imagwirabe ntchito ngakhale kulibe netiweki, ndipo mukaika foni pa chizindikiro chandege chija batire limakhalitsa. Power bank ya 10,000 mAh imadzaza foni pafupifupi kawiri. Ngakhale zili choncho, ine mayina a malo amene ndidutse ndi mitunda yake ndimalemba papepala, n'kusiya pepala lina kunyumba ndi tsiku limene ayambe kundifunafuna ndikapanda kuimba. Foni inandigwerapo m'madzi. Nyali ikhale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo ngakhale mwalumbira kuti usiku simupalasa, popeza tsiku lina mdima udzakupezani pamsewu wa magalimoto. Tochi yovala pamutu imaposa yogwira m'manja, mudzaona nokha pomata chubu usiku ndi manja onse awiri.

Mwana wa mlongo wanga anadandaula kuti ndikumulanda zonse zosangalatsa. Ndinamuuza za Thomas Stevens, amene ananyamuka ku San Francisco m'dziko la America mu April 1884 pa njinga ija ya tayala lalikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo, n'kuzungulira dziko lapansi mpaka kukamalizira ku Yokohama, ku Japan, mu December 1886. Ponyamuka anatenga masokosi, malaya osinthira, chovala chamvula chimene usiku chinkasanduka tenti, ndi mfuti yaing'ono. Mfutiyo tiisiye. Pampu sanaifune chifukwa matayala ake anali a mphira wolimba. Tayala lopopa la John Boyd Dunlop linabwera mu 1888, ndipo kuyambira pamenepo tinagula kufewa ndi minga yake yomwe. Masiku ano kuli mpikisano wa Tour Divide, woyambira ku Banff m'dziko la Canada mpaka ku Antelope Wells kumalire a America ndi Mexico, mtunda wa makilomita oposa 4,000 m'mapiri, wopanda galimoto yotsatira ndi katundu. Mike Hall, wopalasa njinga wa ku Britain, anaumaliza mu 2016 masiku 14 asanakwane. Mukaona zithunzi za njinga za anthu amenewa, katundu wake n'ngochepa modabwitsa. Sindikunena kuti mnyamata woyamba kumene azigona maola anayi m'ngalande ngati iwo. Koma ngati iwo akuoloka mapiri onsewo opanda kampando kopinda, masiku asanu a mwana wa mlongo wanga sangakafune.

Tinagwirizana chinthu chimodzi chimene ndikupempha aliyense woyamba kuti achite. Asananyamuke ulendo waukulu, amange katundu yense monga mmene adzamangire, apalase maola atatu kapena anayi, agone panja usiku umodzi pafupi ndi kwawo, m'mawa abwerere. Akafika ayale zonse pansi, apatule zimene sanazikhudze. Kupatula zokonzera njinga, mankhwala ndi jekete yamvula, zimene sanazikhudzezo zitsale. Iye wachita zimenezi Lachitatu lapitali. Wabwera ndi nkhani yakuti lamba wa chikwama chakutsogolo amakhuza tayala akagunda bampu, kuti machesi ananyowa ndi mame, ndiponso kuti tenti ya anthu atatu ija inamutengera theka la ola kuimika yekha mphepo ikuomba. Wabwereka yaing'ono kwa mnzake. Tayala lakumbuyo tsopano akuchotsa ndi kubwezera m'mphindi 12, ndamuwerengera ndekha.

Kampando, poto wachiwiri ndi majinzi zatsala kwathu pakona. Sipika wakana kusiya. Ndinayamba kumulalikira za kulemera kwake, iye n'kutsegula chikwama changa chakale chimene chinali pakhomo, n'kutulutsamo kawailesi kanga ka mabatire kamene ndayenda nako ulendo uliwonse kuyambira kalekale. Anakakweza m'mwamba n'kufunsa kuti, "Nanga aka, amalume, kamamata chubu?" Anyamuka Lolemba m'bandakucha, sipika ili m'chikwama chapafelemu, pansi, pambali pa madzi.

Ine wanu,
Wopalasa njinga wachikulire